Umboni Wanga ku Area 3

Ndinalowa gulu la a Dokotala a zitsamba ku Area 3 chifukwa cha kuthamanga magazi. Lamulo lawo linali lakuti aliyense apereke buku lake la kuchipatala, iwo alitsekere m'kabati. Ine ndinapereka buku lakale lodzadza, latsopano n'kulibisa pansi pa matiresi. Mapilitsi ndinkamwabe, mobisa ngati wakuba.

Loweruka lina anandiimiritsa kuti ndichitire umboni. Maso onse ali pa ine, pakamwa panangoyamba pokha. Ndinati ndatha miyezi itatu osamwa mapilitsi, thupi langa lapepuka. Ndinavinakonso pang'ono, chiuno ndi chiuno, munthu wamkulu ngati ine.

Amene anaomba m'manja kwambiri anali Mai Phiri, mnzanga wa kuntchito, amene ndinawabweretsa kumeneko ine ndemwe. Tsiku lomwelo anapereka buku lawo la matenda a shuga.

Ine ndinasiya kupitako mwakachetechete. Mai Phiri anatsalira, ntchito anasiya, foni yanga sayankha, poti a Dokotala amaletsa kulankhula ndi otuluka.

Mwezi watha ndinakumana nawo pamsika ku Old Town. Milomo inali itauma, mphete ikugwedera pachala.

"Ndikafooka ndimakumbukira umboni wanu uja," anandinong'oneza. "Inu munakwanitsa, nanenso ndikwanitsa."

Pambali pawo panaima mayi wina wa m'gulumo, akundiyang'anitsitsa osaphethira. Mawu oona anafika pakhosi, ine n'kuwameza.

"Limbani mtima, amayi," ndinawauza Mai Phiri.

Kenako ndinapanikiza chikwama changa m'khwapa, kuti botolo la mapilitsi lisachite phokoso.