Nyimbo ya Waya wa Kuchitsime

Anabwera Lachisanu m'mawa, mwezi wa Juni, ndikukonola chimanga kuseri kwa nyumba. Ndinamva odi wa munthu wosadikira kuyankhidwa. Anali apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi, motoka atasiya kumsewu.

"Ndinu munatsogolera nyimbo m'sewero lija la kutchalitchi?"

Ndinavomera. Mwana wanga anali kumsana, asanayambe n'kukwawa komwe. Wapolisi wamkaziyo anati, "Mutsitseni, amayi. Mukangoyankha mafunso, mubwera pompano." Ndinampereka kwa apongozi anga, n'kusasa gaga m'manja.

Ndiyambe ndafotokoza za sewerolo. Kwathu ku Kasenengwa kuli bambo wina wachikulire amene tonse timangoti Aphunzitsi. Anayamba kupeka masewero a nyimbo ali mnyamata kusukulu ya mishoni, ndipo sanalekepo: la Khrisimasi, la Pasaka, la matenda, la thonje. M'sewero lawo munthu salankhula nthawi yaitali. Akapsa mtima amaimba, akakondwa amaimbanso. Kapekedwe kawo tonse timakadziwa. Amayenda pa njinga m'midzi, akamva azimayi akusinja amaima pansi pa mtengo ngati tcheni chavuka. Pamtondo mkazi amadandaula chilichonse m'nyimbo, ngakhale za mwamuna wake, ndipo palibe womuzenga mlandu. Aphunzitsi amatola zimenezo, n'kuwonjezera ndime, n'kugawa mawu, awa apamwamba, awa apansi.

Chaka chimenecho munthu wina wolemera anagula munda n'kutchinga ndi waya njira ya kuchitsime. Tinayamba kuzungulira kutali, ndowa pamutu, mwana kumsana. Ine pamtondo ndinkaimba kuti waya sumva ludzu, n'chifukwa chake ulibe chisoni. Aphunzitsi anamva, napeka sewero lathunthu. Titasewera pabwalo la tchalitchi, anthu ena anakadula waya uja. Kuti ndani, mpaka lero sindidziwa.

Kupolisi anandivulitsa nsapato ndi duku. M'selo ndinapezamo azimayi ena, mmodzi wogulitsa salaula, zovala zakaunjika, kumalire ku Mwami, ndi ndowa imodzi pakona.

Wofunsa mafunso anali munthu waulemu. Sanandimenye.

"Amayi, ife tikudziwa kuti inu ndinu pakamwa chabe. Tiuzeni anapeka nyimbo imene yachititsa anthu kuononga katundu wa eni, mukayamwitse mwana."

Aphunzitsi ali ndi shuga, miyendo imatupa. Pasimenti paja sakanadzukapo. Ndinati, "Nyimboyo ndi yanga, bwana. Inatuluka pamtondo panga."

Anaseka pang'ono. "Mtondo sitingautsekere. Bwererani mukaganize bwino."

Pofika Loweruka mabere anali atauma ngati miyala, bulauzi ikunyowa n'kuuma, n'kunyowanso. Apongozi anabwera ndi mwana. Ndinamumva akulira kugeti, poti kulira kwa mwana wako sungakusokoneze ndi kwa wina. Anawabweza. Wapolisi wa pakhomo anati, "Akuchedwa yekha make. Dzina limodzi lokha basi." Mayi wa salaula anandigwira phewa n'kundionetsa kakamidwe kake, akung'ung'udza kanyimbo kuti ndisamve kugetiko. Mkaka wa mwana wanga ndinaukamira m'ndowa ya pakona ija.

Lolemba anandiitananso.

"Mukapitiriza, nkhaniyi ipita kukhoti. Kumeneko mudzaimba nyimboyo pamaso pa oweruza ndi khamu lonse, amve okha."

"Ndidzaimba, bwana. Ndime zonse, pamodzi ndi ija tinaisiya chifukwa abambo mfumu anati yaposa."

Wapolisi wamkazi uja anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Chitseko chinali chotsegula, ndipo mwini waya anali pabenchi pakhonde. Sindinganene kuti anaganiza chiyani. Ndingonena kuti dzuwa lisanalowe anandiuza kuti wodandaula wachotsa mlandu. Anandibwezera duku ndi nsapato.

Kugeti ndinapeza apongozi ndi mwana, pambali pawo Aphunzitsi atavala mapatapata a akazi awo. Akazi awowo anawabisira njinga ndi nsapato zonse kuti asadzadzipereke, koma tsiku limenelo anazemba, nakwera lole ya thonje. Anafika nkhani itatha.

Ndinakhala pamwala n'kumupatsa mwana bere. Anayamba wakana, akundiyang'ana ngati mlendo. Ndinadikira. Kenaka analigwira ndi manja onse awiri.

Aphunzitsi anali atavula chipewa. "Mwananga, ndakulakwirani. Malo aja anali anga."

"Mukanafera momwemo, Aphunzitsi. Nanga la Khrisimasi akanapeka ndani?"

Anapukuta m'maso. Kenaka anasendera pafupi, natsitsa mawu. "Komatu ndifunseko. M'katimo azimayi amaimba zotani?"

Apongozi anawatukana. Ine ndinaseka koyamba chichokere kunyumba, ndipo ndinawaimbira kanyimbo ka mayi wa salaula kaja. Mayiyo ndinamusiya momwemo, sindinamvenso za iye. Kanyimbo kake kali m'sewero latsopano, pamene Mariya akusowa malo ogona.

Waya anaumanganso, kuchitsime tikuzungulirabe. Kale ufulu ndinkaumva pa wailesi, ngati nkhani ya akuluakulu. Lero ndimati ufulu ndi mwana kulira iwe n'kutha kumufikira. Ndimakonolabe kuseri kwa nyumba, ndimaimbabe. Ndikaona njinga yaima pansi pa mtengo, mawu sinditsitsa.