Amayi a Dontho ndi chitsime cha kwa asewere

Ku labu yoyeza madzi amangowatchula kuti Amayi a Dontho, ndipo dzinalo sanalikanepo. Ntchito yawo ndi ya kandodo konga pensulo, kotchedwa elekitirodi. Amakapukuta kunsonga mpaka kungoti waliwali, n'kudonthezapo dontho limodzi la mankhwala. Likauma amakaviika m'madzi, ndiye ngati muli mtovu, ngakhale wochepa chotani, mankhwala aja amaugwira, mzere wa pa kompyuta n'kutukuka ngati chulu. Mayiwa zongoganizira sakondwa nazo. Ukati madzi anga ndi oyera, amakufunsa kuti, "Wawayeza ndi chiyani, maso?"

Mwana wawo wamkazi atakhala ndi pakati, mtima wawo unali m'mwamba. Mtovu umawononga mwana akadali m'mimba, ndipo mtsikanayo ankakhala kwa apongozi ake, kuseri kwa malo amene anthu amaphwanyirapo mabatire akale, omwe amakhala ndi mtovu. Chitsime cha pamenepo sankachikhulupirira ngakhale pang'ono. Anayamba kumutumizira zigubu za madzi a pampopi wa kunyumba kwawo, eni chitsime akuona. Manyazi? Aa, mayi amenewa analibe.

"Asewere, kodi madzi athu akulakwirani chiyani?" anafunsa apongozi a mtsikanayo.

"Musadandaule, kandodo kanga katiuza."

Anatunga botolo pachitsimepo, n'kutunganso lina kwawo loti afanizire, poti pantchito yawo botolo siliyezedwa lokha. La kwa asewere, mzere unangoti see. La kwawo, abale inu, chulu ndi ichi! Anapukutanso kandodo, dontho lina, kuviika. Chimodzimodzi. Basi, mtovuwo unkachokera m'mapaipi akalekale a m'nyumba mwawo momwe.

Mantha anawagwira, koma si munthu wokhala pansi n'kumalira. Masana omwewo anakamanga mpopi uja ndi waya, n'kulunjika kwa asewere. Anapeza mwana wawo akutsanulira madzi a m'chigubu m'kapu. Anam'landa kapuyo n'kukhuthulira panja.

"Amayi, mwatani kodi?"

"Vala nsapato, tikupita kuchipatala akakuyeze magazi." Kenako anatembenukira kwa eni nyumba, amene anangoti chilili pakhomo. "Asewere, madzi oipa ndi anga. Mutungireni a pachitsime panu, amwe tisananyamuke."