Inki yodikira mvula

Kabotolo ka inki kaja anandipatsa ndi alamu anga, amene anaphunzitsa ku Mua mpaka kumera imvi. Anandipatsa pamodzi ndi peni yake yochita kumwetsa, ine munthu wolekezera sukulu panjira, wowerenga ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa.

Mtundu wa inkiyo sindinaupezere dzina. Si wa masamba, si wa thambo. Uli ngati mapiri a kumtunda kwathuku mvula ikangokata. Pamene nsonga yathamanga, inkiyo imapepuka; pamene yaima, kumchira kwa chilembo, imadikha n'kudera. Mukayang'ana tsamba langa mumaona paliponse pamene ndinakayika, ndipo malowo ndi ambiri.

Alamu atamwalira ndinayamba kuiumira inkiyo, koma dzuwa la Okutobala silinamve zimenezo. Tsiku lina ndinapeza yatsalira pansi, yolimba ngati phala la dzulo, peni ikungokanda pepala. Ku Golomoti kapena ku Mtakataka inki yotere simungaipeze. Ikauma imeneyi, basi.

Ndinatapako pang'ono pachivindikiro n'kudonthezera madzi a pamjigo. Madzi athu ndi amchere, ngakhale sopo amavuta kuchita thovu, ndipo inkiyo inasanduka matope otuwa.

"Mwaithirira ngati ndiwo, bambo?" anatero mayi a kunyumba. "Dikirani a mvula, alibe mchere."

Kudikira ndiye kumene sindikutha. Kabotolo ndinakakwirira mumchenga wonyowa pansi pa mtsuko, koma ndinkakafukula m'mawa ndi masana, kukapendeka, kukaunika padzuwa lomwe linkakamalizalo. Ndikakhala pansi ndinkadzukanso. Anzanga ankayang'ana mitambo chifukwa cha mbewu. Ine ndinkayang'ana nawo ndi nkhope ya mlimi, osawauza kuti ndikufuna madzi osadzaza supuni.

Mvula yoyamba inali fumbi lokhalokha, ndinaileka ipite mtima ukuwawa. Yachiwiri ndinatchera kapu pakati pa bwalo, kutali ndi denga, n'kuima pambali kuingira nkhuku, ine ndemwe ndikuvumbwa.

Ndinadontheza, kugwedeza, kumwetsa peni. Mzere woyamba unakana. Wachiwiri unayenda, wofatsa kuposa kale, koma kumchira kwa chilembo kunadera ndithu ngati m'masiku a alamu.

"Yadzuka?" anafunsa mayi ali pakhomo, makasu awiri paphewa.

"Yadzuka."

"Ndiye inunso dzukani."

Chimanga cha chaka chimenecho ndinabzala ndi chala chobiriwira ndi inki.