Manda a Zuze athera mu ndudu

Lachiwiri ndinapita kwa Maseya kukatenga kabuku ka malemu malume anga, a Fombe. Mpaka lero mtima sunakhale m'malo.

Malumewo anali msilikali pa nkhondo ya ku Mozambiki asanawolokere kuno. Za nkhondoyo sankakamba. Koma anali ndi kabuku kokwana m'thumba la malaya, komwe ankalembamo ali kutchire: tsiku, dzina la mnzawo wakufa ndi malo amene amuika. Chaka china madzi osefukira atalowa m'nyumba, anatuluka atakasenza pamutu m'pepala la shuga, mbuzi n'kuzisiya.

Pamaliro awo mwezi watha panabwera mayi Chanaze a ku Nsanje. Mlongo wawo Zuze anali gulu limodzi ndi malume, ndipo sanabwerereko.

"Mwananga, ine ndakalamba," anatero. "Ndingodziwa pomwe anagona, ana akalambulepo."

Ndinalonjeza kukawawerengera kabukuko.

Nditafika kwa Maseya Lachiwiri lija ndinapeza alamu anga a Thomu ali pansi pa nimu, akupichira chingambwe. Pepala lomwe ankapichiralo ndinalizindikira ndili patali: linali la m'kabuku kaja.

"Alamu, mukusutira chiyani?"

"Aa, n'timapepala ta madala aja. N'topyapyala bwino, sitikanda pakhosi. Kodi n'tantchito?"

Ndinapsa mtima. Koma ndikanawakalipira ndi nkhope yanji? Pogawa katundu wa malemu tinalimbirana njinga, wailesi ndi nsapato. Kabukuko palibe anakafunsa, ngakhale ine amene ndimadyera kulemba.

Ndi mmene tilili kuchigwa kuno, abale. Pepala lakale kwa ife n'lokulungira mandasi. Nkhalamba ikayamba za kale timati yayamba kubwebweta, ikamwalira timayang'anizana kumanda, wonena mbiri osapezeka. Paja mawu a akulu akoma akagonera, koma agonera pati ngati tawasuta? M'masutikesi a makolo anu muli makalata ndi timabuku tingati tomwe simunatsegulepo?

Masamba atsala asanu ndi awiri. Limodzi n'long'ambika pakati, ndipo m'Chisena cha malume likuti Zuze anamuika m'mawa, pansi pa mlambe wa ku... Theka lotchula mudziwo alamu analisuta Lolemba.

Mayi Chanaze akwera minibasi Loweruka kudzamva yankho. Inu owerenga, ku Mozambiki milambe ilipo ingati? Ndiwauze kuti ayambire uti?