Kuseri kwa Nsalu ya mu Situdiyo

Fungo la simbi ya makala ikamadutsa pa nsalu yonyowa limandibweretsera agogo anga a Mwanaisha, atagwada pamphasa pakhonde lathu ku Nkhotakota, akuuzira moto m'simbimo, phulusa likuuluka n'kumatera pa mpango wawo. Sanali mayi owabereka mayi anga. Agogo aamuna anawakwatira mkazi woyamba atamwalira, ndipo iwowa, amene sanaberekepo, ndiwo analera ana onse a m'nyumbamo pogulitsa zitumbuwa kumsika.

Ndili Sitandade 4, amalume a Yusufu, achimwene a mayi, anabwera kuchokera ku Joni kudzadya Idi. Analamula kuti banja lonse, ndi a ku Dwambazi omwe, likajambulitse chithunzi chimodzi chachikulu ku situdiyo ya paboma. Agogo anali asanajambulitsepo, kupatula kachithunzi ka pachiphaso chovotera komwe nkhope inangoda bii. Ndiye kukondwa kwake! Anasita mikanjo ya amuna onse ndi madiresi athu, diresi lawo lobiriwira n'kulisita pomaliza.

"Asiyatu, lero undione bwino," anandiuza akumanga mpango. "Ndikakhala pakati ngati mkwatibwi."

Mu situdiyo munali motentha ngati muuvuni, nyali zikuwala pansi pa maambulera oyera, makanda akulira, mafuta onunkhira atasakanikirana ndi thukuta. Wojambula analibe womuthandiza, ndipo popanda wowatuma agogo anayamba kukoka mabenchi, kupukuta mamina a ana, kuwongola zisoti, kusuntha nthambo kuti wina asapunthwe. Titafola, wojambula anasuzumira mu kamera n'kupukusa mutu. Tinali ambiri moti nsalu ya kumbuyo inaperewera mbali imodzi, khoma losweka likuonekera. Anatulutsa nsalu ina, koma analibe poipachika.

Anyamata ataliatali analipo, atapisa manja m'matumba. Koma amalume anatembenukira kwa agogo.

"Mayi, inu ndinu aatali. Tagwirani kaye nsaluyi kuseriko. Tijambulanso china muli pompano."

Zoona? Pampando wapakati pomwe panayenera kukhala agogo, panakhala amalume ndi akazi awo. Mayi anga anangoyang'ana pansi. Agogo anavula nsapato, n'kukwera pa kireti, n'kukweza nsalu ija mpaka inawaphimba yense. Wojambula anabwereza kambirimbiri, uyu waphethira, uyu wayang'ana kumbali, ine ndikumva kupuma kwa agogo kumbuyo kwanga ndi kireti ikulira. Atangoti agogo atsike, magetsi anazima. Tinadikira mpaka ana anayamba kulirira chakudya, amalume nati tibweranso. Anabwerera ku Joni sabata yomweyo.

Panjira ndinalira ndi mkwiyo. Agogo anandikoka khutu.

"Ukulira chiyani? Zala zanga zalowa. Ndinazitulutsa dala pamwamba pa nsalu, wina asadzati kunalibe ine."

Chithunzi chinabwera chili mufelemu yagolide. Agogo anapukuta manja pachitenje, anachinyamula n'kupita nacho panja powala, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa nsalu ija. Panalibe kanthu. Amalume anali atauza wojambula kuti afufute zalazo pa kompyuta chifukwa ati zimaipitsa chithunzi. Asa! Zala zomwe zinawasambitsa zipere ali mwana, zomwe zinapsa ndi mafuta kuti iwo apite kusukulu, n'kukhala zoipitsa chithunzi?

Agogo anangoti, "Nsalu yaima bwino, eti?" Kenako anachipachika okha pabalaza.

Agogo atamwalira, amalume omwewo anaimba foni kufunsa ngati wina ali ndi chithunzi cha mayi awowo choti akakulitse. Ndinali wamkulu tsopano, ndipo ndinawayankha kuti akafunse kompyuta ija. Mayi anga anati ndachita mwano. Sindinapepese, ndipo sindidzapepesa.

Chithunzicho chili kwanga lero, ndipo zimandiwawabe ndikachiyang'ana. Tsiku lina mwana wanga anandifunsa kuti agogo a Mwanaisha amene ndimawatchula kawirikawiri ndi ati pagululo. Ndinamunyamula, n'kuika chala chake pa nsalu ya kumanzere, pamwamba pa mitu ya anyamata aja.

"Ali apa," ndinatero. "Aimirira pa kireti, avala diresi lobiriwira."