Chala cha a Levulo

A Levulo anayamba kumanga nyumba ndevu zisanamere, ndipo pamene nkhondo inkalowa m'tauni, theka la makoma a mumsewu wawo linali ntchito ya manja awo. Dzina lenileni anali nalo, koma linkangogona m'chitupa. Aliyense ankati a Levulo, dzina la chida choyezera kuongoka kwa khoma, chifukwa bamboyu akaona chinthu chopendekeka mutu unkamuwawa. Akalowa m'nyumba ya eni, ankayamba awongola kalendala wa pakhoma, moni pambuyo. Akazi awo ankati sanakwatiwe chifukwa cha chikondi ayi, koma chifukwa mano awo anali oyalana bwino.

Nkhondo itafika, ntchito inatha. Ndani angamange pamene anzake ali kalikiliki kugumula? Ndalama nazo zinasanduka masamba a mtengo: zogulira buledi m'mawa, madzulo sizinkagula ngakhale machesi. Pakhomo panali anthu asanu ndi awiri: iwo, akazi awo, mwana wawo wamkazi amene mwamuna wake anatengedwa ndi asilikali osabwereranso, ndi adzukulu anayi odya ngati alembedwa ganyu. Chimene chinkawasunga ndi thandizo la bungwe lina lachifundo. Mwezi uliwonse, kudepoti yakale ya mabasi, ankalandira thumba la ufa, nyemba, botolo la mafuta ophikira ndi kamchere.

Tsono a bungwewo sankapereka chakudya poona nkhope. Unkaonetsa khadi, n'kuika chala chachikulu pakagalasi ka makina. Kakayaka mobiriwira, nyamula thumba uzipita. Kakafiira katatu, khadi latsekedwa, uzidikira mabwana ochokera kulikulu, amene chiyambire nkhondo palibe anawaonapo ngakhale chipewa chawo. Tsiku lolembetsa mayina akazi awo anali kuchipatala ndi mdzukulu, choncho chala cha banja lonse chinakhala cha a Levulo.

Nkhani inagona pamenepo. Simenti imadya zala. Zaka makumi anayi zogwira matope zinafufuta timizere tija ta pachala, tinangotsala mwa apo ndi apo ngati pa tayala lakale. Miyezi yoyamba makina ankachita kuganiza kaye asanavomere. Mwezi wapitawo anavomera ulendo wachitatu, a Levulo thukuta lili kamukamu. Kuyambira tsiku limenelo akazi awo analanda chalacho. Kukatsala masiku khumi kuti akalandire, ankachipaka mafuta odzola, kuchikulunga m'kansalu, n'kumanga ndi ulusi. Osawaza nkhuni, osatunga madzi, osamanga ngakhale zingwe za nsapato.

"Chala ichi si chanu," ankatero mayiwo. "N'cha ana. Inu mwangobwereka."

Bambo wamkulu ankayenda mumsewu chala chili m'mwamba, ngati akupempha matola.

Kutatsala masiku atatu, bomba linagwa kuseri kwa msika, ndipo khoma la aphunzitsi oyandikana nawo nyumba linagwa mbali imodzi. Aphunzitsi, munthu wa choko, anaganiza zomanga okha. Simenti anapeza kathumba kamodzi, n'kuonjezera laimu kuti ikwane. A Levulo anakhala pakhonde kuonerera. Mzere woyamba wa njerwa unapita kumanzere. Wachiwiri unalowera kumanja kukafunafuna woyamba. Pofika wachisanu, khoma linali ndi pakati. Ndipo m'munsi mwa khoma limenelo ndi mmene munkagona ana atatu a aphunzitsi.

Tsiku loyamba a Levulo anapirira. Anachita kutembenuza mpando kuti aziyang'ana kwina. Lachiwiri, akazi awo atangopita kumpopi, anadzuka.

"Aphunzitsi, mukumanga nyumba kapena manda?"

"Ndiuzeni ndi pakamwa, bambo, musagwire. Mayi akabwera andipha."

Anayesadi ndi pakamwa. Koma mmisiri nzeru zake sizikhala pa lilime. Anangoti aone ngati matope asakanizika bwino, ndipo matope iwo ankawayeza ndi chala chachikulu, monga anachitira moyo wawo wonse. Kansalu kanawasokoneza, anakavula. Dzuwa likupendeka, khoma linali chilili, loongoka bwinobwino, mipata ya njerwa yonse atasalaza ndi chala chomwecho.

Akazi awo sanakalipe, ndipo n'zimene zinaopsa. Anagwira dzanjalo n'kuliyang'ana padzuwa. Chala chinali mbee, chosalala ngati kasopo kotsalira. Anachisiya, n'kulowa m'nyumba, n'kukagogoda chitini cha ufa kuti amuna awo amve ali panja. Chinalira ngati belu.

M'mawa mwake mzere wa kudepoti unazungulira mpanda mpaka kumalo omwetsera mafuta. Nkhani inali pakamwa pa aliyense: malole afika awiri m'malo mwa asanu, kumlatho akumenyana, ndipo mlatho ukagwa m'manja mwa adani, chakudya sichidzabweranso mpaka Mulungu adziwe. Kumbuyo kwenikweni kwa a Levulo kunaima mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, amene kale anali kondakitala wa basi. Mabasi anatha, koma pakamwa panatsala.

"Alamu, ndamva dzulo mwatsegula kampani."

"Khalani chete."

"Tachionetsani kuno. Eee! Abale, ichi n'chala kapena mbatata yosenda?"

Anthu anaseka pang'ono, kenaka malangizo anayamba kugwa ngati mvula. Wina anati achipake pamphumi kuti chitenge mafuta. Mayi wina anati achiuzire mpweya. Wometa tsitsi anati achiike mkamwa mpaka chichite makwinya. A Levulo anachita zonse, wina pambuyo pa mnzake, mpaka anaima pamzere akuyamwa chala ngati khanda.

"Muyamwitse, alamu," anatero Kondakitala. "Mwina ndi chakudya chanu cha mwezi uno."

Kumlatho kunamveka mfuti, kenaka kugunda kumodzi kwakukulu kumene kunagwetsa fumbi padenga la depoti. Mzere wonse unagwada n'kudzukanso, koma palibe anasiya malo ake. Madalaivala a bungwe analiza injini n'kuzisiya zikulira. Kuyambira pamenepo kuseka kunatha. Aliyense ankawerenga ndi maso matumba otsala mkatimo, n'kuwerenga mitu ya patsogolo pake, n'kuyambiranso. Matumba ankatha msanga kuposa mitu.

Dzuwa lili paliwombo a Levulo anafika patebulo. Pamakina panali mayi wina wovala jekete la bungwe, maso ali psuu ndi kutopa. Analandira khadi osadzutsa mutu.

"Chala, bambo."

Anaika. Makina anaganiza, anaganizanso, n'kufiira.

"Pukutani pa malaya, muikenso. Musadinikize kwambiri."

Anapukuta. Anaika mwaulemu ngati akupereka moni kwa apongozi. Kanafiiranso.

Kumbuyo wina anatsonya. Wina anakuwa kuti madala achoke, anthu ali ndi ana kunyumba. A Levulo anakweza chala kachitatu, koma mayi uja anaphimba kagalasi ndi dzanja lake.

"Dikirani. Kakafiira apa, ine ndilibenso mphamvu. Tandionetsani." Anachiyang'ana n'kupukusa mutu. "Omanga nyumba ndi ochapa zovala, mudzandipha ndinu. Mverani. Khadi lisanatsekedwe pali njira ina. Mupeze mboni imodzi ya mumsewu wanu, yokhala ndi khadi, imene sinalandire lero. Mupite nayo kwa akapitawo uko, ikadinde chala chake m'malo mwanu."

"Ikatero ibwerera pamalo pake?"

"Funsani anzanuwa. Lamulo limenelo si langa."

Lamulolo a Levulo ankalidziwa, popeza tsiku limene linapangidwa iwo ndi amene anakuwa kwambiri. Anthu atathyolana mano mwezi wina chifukwa chosungirana malo, anagwirizana okhaokha kuti wochoka pamzere, kaya wapita kuchimbudzi, kaya wakomoka, akayambire kumchira. Ndipo lero kumchira kunali kopanda thumba.

Anatembenuka. Pamzerepo panali anthu amene anawamangira makhitchini, ena zimbudzi, ena anawakonzera ming'alu popanda kuwauza mtengo. Onse mwadzidzidzi anapeza chochititsa chidwi pa nsapato zawo. Aphunzitsi panalibe, ndipo akanakhalapo sakanathandiza: ogwira ntchito m'boma sanawalembe, ati amalandira malipiro. Kondakitala naye anayang'ana nsapato zake. Kwake kunali anthu asanu, ndipo thumba lake linali pompo, akanangotambasula dzanja.

A Levulo sanamuyang'ane n'komwe. Kupempha munthu kuti ana ake agone ndi njala, pakamwa pawo sipakanatha.

"Chotsani dzanja, mayi," anatero. "Ndiyesa."

"Bambo, sichiwerengeka chimenecho."

"Chotsani."

Mayi uja anachotsa. Chala chinkatsika, ndipo chitatsala pang'ono kukhudza galasi, dzanja lina linawagwira pamkono mwamphamvu.

"Mukufuna mlongo wanga akandidye wamoyo?" anatero Kondakitala. "Tiyeni uko. Mdala wopanda nzeru inu. Anzanu amaba simenti, inu mumaidyetsa chala."

Atangosuntha phazi, mzere unatsekeka pambuyo pake ngati madzi.

Kwa akapitawo sizinatenge nthawi. Anafunsa ngati amawadziwa bambowa, Kondakitala n'kuyankha kuti amawadziwa mopitirira muyezo. Anadinda chala, kagalasi kanabiriwira nthawi yomweyo, ngati kakuchita dala. Chala cha munthu amene moyo wake wonse anangogwira matikiti! A Levulo anapatsidwa thumba, nyemba, mafuta ndi mchere. Kondakitala anathamangira kumchira.

A Levulo sanapite kunyumba. Anakhala pa thumba lawo pafupi ndi geti, maso ali pa mlamu wawo. Mzere unkayenda, mfuti nazo zinkayandikira. Tsopano zinkamveka cha kumsika. Kondakitala anapitirira malo omwetsera mafuta. Anafika pakona ya mpanda. Anafika poti n'kuona tebulo. Patsogolo pake patatsala anthu khumi ndi mmodzi, akapitawo analiza wezulo n'kukweza manja opanda kanthu. Matumba anatha. Alonda anakankha geti, anthu akuligwira, amayi akukweza makhadi m'mwamba, ndipo malole anatulukira khomo la kumbuyo ali pa liwiro.

Kondakitala anabwera pang'onopang'ono, khadi lili m'manja. Anayang'ana thumba, n'kuyang'ana a Levulo. Nthabwala anaifunafuna, sinapezeke.

"Gwirani uko," anatero a Levulo.

Ananyamula awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, akuyenda mokhudza makoma, kubisala m'makonde mfuti zikalira. Pamphambano yopita kwa Kondakitala onse anaima kamphindi. Kondakitala anayang'ana njira ya kwake. Anapitirira.

Akazi a Levulo anali pageti. Anaona amuna awiri ndi thumba limodzi. Analikweza pang'ono kuti amve kulemera kwake.

"Tigawane pakati," anatero a Levulo. "Bweretsani zitini ziwiri."

"Zitini ziwiri, miphika iwiri, moto pawiri, zotsalira m'mphika kawiri?" Mayiwo anatembenukira kwa mlongo wawo. "Iwe, katenge mkazi wako ndi ana. Ubwere ndi mabulangete ndi makala onse amene muli nawo. Tiphikira pamodzi, kamodzi patsiku."

"Tifika nazo kuti, achemwali?"

"Masabata awiri. Atatu, ngati akuluakulu titamanga lamba."

"Nanga mlatho akapanda kutsegula?"

Mayiwo anali atayamba kale kumasula ulusi wa thumba, mosamala kuti ufa usatayike ngakhale pang'ono.

"Pita msanga," anatero. "Udzere njira ya kuseri. Kumsika akuwomberana."