Chaka Chimene Amidu Anagwira Injini

Fungo la petulo wosakaniza ndi oyilo silinandichoke m'mphuno. Ndikangolimva, ngakhale pa siteji ya minibasi, mtima umathamangira kwathu kumpoto kwa Chipoka, pa dooko la mchenga woyera pamene boti la bambo linkagona chammbali pakati pa mabwato. Inali nthawi ya Chitaganya, miyezi yozizira, mwera ukuwomba mpaka milomo kung'aluka. Ine ndinali ndi zaka pafupifupi khumi, ndipo m'maganizo mwanga botilo linali la anthu awiri okha, bambo ndi ine.

Linali boti lakale lamatabwa, limene bambo anagula kwa mmwenye wina wa ku Salima atabwerako ku Halale. Matabwa ake anali bii ndi phula, ndipo m'ming'alu tinkatsenderamo thonje ndi mpeni wobuntha. Linabwera ndi kainjini kake kokalamba, kopepuka, kotsokomola ngati munthu wa fodya. Ntchito yanga inali yokapa madzi ndi chitini. Ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi mawondo a bambo, ndipo nyanja ikachita bata ankandilola kuika dzanja pa chogwirira cha injini, ndizimva kunjenjemera kwake kukukwera mpaka m'mano. M'dzinja la chaka chimenecho kainjiniko kanazima pakati pa madzi, osadzukanso.

Injini yatsopano inabwera pa sitima ya pamtunda, m'bokosi la matabwa oyera, ndipo kuchoka pa siteshoni anainyamula pa ngolo. Sabata yomweyo kunabweranso Amidu, mwana wa azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, kuchokera kumudzi wina kufupi ndi Khombedza. Bambo ake anapita ku Joni iye ali kumsana, n'kutchona komweko. Anali wamkulu kwa ine, wamtali, wosayankhulayankhula, kabudula wake ali ndi zigamba zosiyana mitundu. Pamene bambo ankazula misomali ya bokosi lija, ine ndinaima pafupi, manja ali okonzeka kulandira. Koma sipanala yoyamba kutuluka m'kathumba anaipereka kwa Amidu.

"Gwira iyi," anatero. "Kuyambira lero maso ako azikhala pamene pali manja anga."

Injiniyo anaiyesa Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti. Amuna anatsetserekera ku dooko ndi mikanjo yawo yoyera, a shehe anawerenga duwa, pemphero lopempha madalitso, ndipo amayi amene ankayanika usipa pa mathandala anasiya ntchito n'kuima manja ali m'chiuno. Bambo anati Bismillah, anakoka chingwe, injini n'kulira nthawi yomweyo, mawu osalala amene sitinawamvepo pagombe lathu. Ana tinakuwa. Koma boti litangotuluka m'mabango, zinthu zinasintha. Funde likalinyamula kumbuyo, injini inkalira mokweza ngati mbuzi yogwidwa mwendo, koma boti osasuntha. Kenaka inayamba kufuka utsi wabuluu, kutsamwa, mpaka zii. Anyamata awiri a bwato wamba anawadutsa akupalasa mwaulesi, akuseka. Ine kumtunda ndinachita manyazi chifukwa cha bambo, komabe penapake mumtima munali kakukoma, poti amene anali m'botimo pa tsiku la manyazilo sanali ine.

Masiku otsatira injiniyo inakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, atayikoleka pa thabwa, mwendo wake uli mumgolo wa madzi. Bambo ndi Amidu ankagwada pamenepo kuyambira m'mawa. Anapeza kuti ankathira oyilo wambiri, muyezo wa kainjini kakale kaja, ndiye pulagi inkada ndi mwaye. Anachepetsa oyilo, petulo n'kumamusefa pa kansalu koyera. Amidu ankapala pulagi ndi kawaya, n'kuiuzira, n'kuiyang'ana padzuwa ngati munthu wosankha mkanda. Bambo ankamuuza kuti atsinzine, amvetsere mmene injini ikupumira. Ine ankandituma zinthu zakutali: kukatunga madzi a mumgolo, kukapempha moto, kukathamangitsa nkhuku. Ndikabwerako ndinkapeza akuseka nkhani imene inayamba ine kulibe.

Pa chakudya ndimo zinkandipweteka kwambiri. Tinkadya mbale imodzi ine ndi Amidu, ndipo manja ake, ngakhale asambe bwanji, ankanunkha petulo, zikhadabo zili ndi mzere wakuda ngati za bambo. Anga ankanunkha nsomba basi. Tsiku lina ndinatola chisanza chimene ankapukutira injini, ndinadzipaka m'manja ndi pamphumi, n'kumayendayenda pa dooko kuti anzanga aone. Mayi atandiona anandikokera kuchitsime n'kundikhula ndi mchenga. Ndili kulira ndinawafunsa chifukwa chake bambo ankaphunzitsa mwana wa eni, ine ndilipo.

"Si mwana wa eni ameneyo," anatero mayi, osakweza mawu. "Ndi mwana wa mlongo wawo. Boti lija ndi la kwawo kwa bambo ako. Iwe kwanu ndi kuno, kwa ine ndi amalume ako."

Mawu amenewo sindinawamvetse, koma ndinawada.

Utsi utatha, linatsala vuto la kulira kopanda liwiro. Bambo anaima m'madzi ofika m'chiuno, akuyang'ana kumbuyo kwa boti kwa nthawi yaitali. Anazindikira kuti injini yatsopanoyo inali ndi mwendo waufupi kuposa yakale, ndiye pulopela inkangonyambita pamwamba pa madzi, funde likabwera n'kumazungulira mumphepo. Anaitana kalipentala, amene anadula thabwa lakumbuyo kuti injini itsike, n'kulimbitsa ndi chidutswa cha mlombwa. Ndikukumbukira utuchi wofiira uli mbwee pamchenga, ndi fungo la phula lotentha m'chitini. Atayesanso, pulopela inaluma madzi bwino. Koma tsopano injiniyo, pokhala yolemera ndi yamphamvu, inkakanikiza boti kumbuyo. Mphuno inkaloza kumwamba, madzi n'kumalowera podulidwa paja.

M'mawa wina bambo anandiitana ndi dzina langa kuchokera m'boti. "Saidi! Bwera kuno." Ndinathamanga mpaka kugwa m'madzi, ndikuganiza kuti tsiku langa lakwana. Nditakwera ndinalunjika kumbuyo, pamalo panga pakale, koma bambo anandiloza kutsogolo. Ndinakhala pa thabwa lapakati. Anati ndisunthe. Ndinasuntha. Anati ndisunthebe, mpaka ndinakakhala kumphuno kwenikweni, pamwamba pa mulu wa chingwe chonyowa. Amidu anakoka injini, bambo n'kumuikira dzanja pa chogwirira. Mphuno inatsika, boti linagona bwino pamadzi, ndipo linathamanga monga silinathamangepo chibadwire. Mabango anatsalira kumbuyo ngati akuthawa, madzi ozizira akundiwaza kumaso.

"Alhamdulillah!" anafuula bambo. "Basi, chimene chinkasowa n'cholemetsa kutsogolo."

Cholemetsacho ndinali ine. Anzanga pa dooko sanachedwe kumva, ndipo nyengo yonseyo ankanditcha Thumba la Mchenga. Tsiku lililonse tikamapita kukavuula matchera, ndinkakhala kumphuno nditafulatira kumene tikupita, maso ali kumbuyo. Ndinkaona zonse: dzanja la bambo pamwamba pa dzanja la Amidu, mutu wawo utawerama pafupi ndi khutu lake, milomo ikuyenda. Phokoso la injini linkameza mawu onse. Sindinkadziwa chimene ankamuuza, ndiye ndinkangodzipangira ndekha mumtima, ndipo zonse zimene ndinkapanga zinali zokoma kuposa zimene bambo anandiuzapo ine. Tikafika kumtunda amayi ogula nsomba ankati, "Koma mnyamata wa ku Khombedzayu ndi dalaivala weniweni." Amidu ankangoyang'ana pansi. Ngakhale kufatsa kwakeko kunkandinyansa.

Chakumapeto kwa nyengoyo, tsiku lina tinachedwa kubwerera kuchokera cha ku zilumba za Maleri, boti litadzaza chambo. Dzuwa linali litakwera pamene mwera unadzuka. Nyanja inasanduka yotuwa, mafunde akuchita thovu pamwamba. Amidu ndiye anali pa injini. Funde lina linakwera kumbuyo n'kuinyowetsa, ndipo inatsokomola, n'kuzima. Boti lopanda liwiro linatembenuka n'kupereka nthiti kumafunde. Bambo anamukalipira Amidu ndi mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo, ndipo ine, ngakhale mantha anali atandigwira, ndinatukula mutu kuti ndione bwino nkhope yake akukalipiridwa. Sindinalione funde lotsatira. Ndinangozindikira ndili m'madzi.

Kusambira ndinkadziwa, monga mwana aliyense wa kunyanja, koma osati m'madzi otero. Ndinamwa madzi, kumwamba ndi pansi zinasokonekera, boti ndinkaliona kenaka osalionanso. Kenaka dzanja linandigwira pakhosi pa malaya. Anali bambo. Anali atalumpha ndi zovala zawo zonse. Anandigoneka chagada pachifuwa pawo, ndipo ndinkamva mtima wawo ukugunda pamsana panga, mpweya wawo ukutuluka ndi mawu a duwa oduladula. Mphepo inali ikukankhira boti kutali ndi ife. M'botimo munatsala Amidu yekha ndi injini yakufa.

Zimene anachita ndinazimva pambuyo pake kwa anthu. Akuti anamasula pulagi boti likuvinavina, anaipukuta ndi malaya ake, anaibwezera, n'kukoka chingwe mpaka chikhatho chinasupuka. Chimene ndinamva ine ndi kulira kwa injini kukubwera pakati pa mphepo. Anazungulira, anatiyandikira mosamala kuti pulopela isatiteme, n'kutikokera m'boti mmodzimmodzi.

Kumtunda anthu anamunyamula Amidu m'mwamba. Amayi analulutira, a shehe anamugwira pamutu, ndipo nkhani yake inafika mpaka ku Chipoka. Ine ndinali mwana amene anagwa. Bambo anandigwira pamkono kuchokera pa dooko mpaka kunyumba, zala zawo n'kusiya zizindikiro. Kwa Amidu anangoti, "Utsuke injiniyo, yamwa madzi."

Kuyambira tsiku limenelo sanandilolenso kukwera. Anasoka thumba lenileni, analidzaza mchenga, n'kuliika kumphuno. Ndinkaima m'mabango m'mawa kuliyang'ana likupita pamalo panga, ndipo ndinkalichitira nsanje ngakhale thumbalo. Mvula isanagwe ananditumiza kwa amalume ku Salima kuti ndikayambe sukulu. Ndinakwera lole ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti andichotsa kuti atsale bwino awiriwo.

Boti linakhaladi la Amidu, monga ananenera mayi, ndipo analiyendetsa mpaka matabwa anatha. Ine ndinakhala munthu wa ntchito za kumtunda. Ine ndi Amidu tinadzakhala pansi awiri pa sadaka ya bambo, tonse tili ndi imvi, ndipo ndinamuuza moseka mmene ndinkamudera chaka chija. Iye sanaseke. Anayang'ana chikhatho chake kwa kanthawi.

"Tsiku lija, msuweni," anatero, "amalume polumpha sanacheuke n'komwe. Sanandiuze chochita. Ndinangoona msana wawo."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti chikondi cha bambo chinali pa chogwirira cha injini, ndipo amene wachigwira ndiye watenga zonse. Sindinkadziwa kuti mnyamata wopanda bambo uja ankapatsidwa ntchito yoti adzadye nayo, ndi kuti naye ankayang'ana kumphuno kwa boti ndi njala yakeyake. Zimenezi ndikuzidziwa tsopano. Komabe ndinene zoona: mpaka lero sindidziwa zimene bambo ankamunong'oneza pakati pa phokoso lija, ndipo ndikadakondabe akanandiuza ine.